Kapitawo wa Mawindo

9 Janyuwale

Okondedwa amake Mafunso,

Ndikhulupirira muli bwino nonse pakhomopo. Ine kuno ndadzuka, chimfine chija chinatha, changotsala kukhosi kukereketa m'mawa. Amayi mwendo uli bwanji? Musawalole kunyamula ndowa, ngakhale akakamire.

Kalata yanu anandipatsira adalaivala a basi aja Lachiwiri. Zoti mwana wathu ayamba koleji mwezi wamawa ndinaziwerenga katatu, kenako ndinakaima kuseri kwa masitepe kuti anzanga asandione m'maso.

Za laputopu imene akufunayo ndamva. Loweruka ndinalowa m'sitolo kukaona mitengo, ndinatulukamo manja ali m'thumba. Yotchipitsitsa ingadye malipiro anga a miyezi iwiri. Koma mwayi ulipo. Ofesi imene ndimasesayi ikuchotsa makompyuta akale, ndiye ndinapempha abwana, anandilola kutenga imodzi. Analemba ndi kapepala kuti alonda a pageti asandiyese wakuba. Ndi yolemera, pakona inabenthuka pang'ono, koma ikuyaka. Vuto lake ndi kuchedwa. Ukadina batani umatha kutsuka kapu, kuipukuta, n'kubwerera, iyo ikadaganizabe.

Musamuuze kaye kuti ndi yotola. Ndiponso zija mumadziwa inu nokha zikhale choncho. Iye amadziwa kuti bambo ake amagwira ntchito ya makompyuta, ndipo si bodza kwenikweni, poti ndimawapukuta fumbi tsiku lililonse. Papita zaka zisanu ndi ziwiri chinenereni mawu amenewo, polowera kuti ndiwabweze sindikupaona. Dzana pafoni anati, "Ababa, poti inu ndi katswiri, mundikonzere yothamanga." Ndinati usade nkhawa. Mukumudziwa mwana wanu, sitinamutche Mafunso pachabe, ndiye ndiyenera kuidziwa bwino ndisanaitumize.

Chitseko cha kukhitchini chija musachisiye chikulendewera, muitane mmisiri chisanagwere munthu.

Ndine wanu,
Bambo a Mafunso

28 Janyuwale

Amake Mafunso,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti amayi ayamba kuyenda opanda ndodo. Ine ndili bwino, kungoti manja akung'ambika ndi sopo wa kuntchito.

Pansanjika yachitatu pali mayi wina amene amakonza makompyuta a kampani yonse. Timangowatchula Mayi a Zingwe, poti sayenda opanda zingwe m'khosi. Pa nthawi ya nkhomaliro ndinalimba mtima n'kuwapititsira laputopu ija. Anaiyatsa, anaimvetsera ikulira ngati chigayo, n'kunena kuti, "Siinafe iyi, achimwene. Angoisenzetsa katundu woposa msinkhu wake." Anachotsamo zonse zakale n'kuikamo zina zaulere, zopepuka. Mawa lake inayaka ndisanamalize n'kukhala pansi komwe.

Kenako anati chatsala n'kusankha kapitawo wa mawindo. Musaseke, si mawindo a nyumba. Chilichonse chimene watsegula, kaya polembera kaya poonera zithunzi, chimabwera m'kabokosi kakekake pasikirini, ndiye windolo. Tsono pamafunika kapulogalamu kolamula mawindowo kuti ili likhale apa, ili likule, ili litsekedwe. Akapitawo ena ndi okonda zokongoletsa, amadya mphamvu zonse za makina. Yathuyi ikufuna wopepuka.

Anandionetsa awiri. Woyamba mawindo ake amasanjikizana ngati mapepala patebulo, umawakoka ndi mausi, ndipo pali mndandanda wa zonse, umangoloza chimene ukufuna. Wachiwiri amayala mawindo ngati matailosi a pansi, palibe lokwera pa linzake. Ukatsegula lachiwiri, loyamba limadzichepetsa lokha. Koma ameneyu mausi sawawerengera, zonse ndi mabatani oloweza pamtima.

"Kwa munthu woyamba kumene, tengani woyambayu," anatero.

M'chipindamo munali abambo awiri a mataye, akudikira kuti awakonzere zawo. Mmodzi anati, "Mpatseni wa mausiyo mkuluyu, asavutike." Sananene mwachipongwe kwenikweni, koma anayang'ana magolovesi anga amene anali kutuluka m'thumba. Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Ikani wa matailosiyo. Zimenezi ndinazigwirako kwathu."

Mayi a Zingwe anandiyang'ana kanthawi, n'kuti chabwino.

Ndiye ndi imene ili pabedi pano. Ikayaka sikirini imangokhala mbee, pansi kamzere kamodzi ka tizilembo. Zina ndidzakuuzani. Mwanayo mumugulire chikwama cholimba, chokhala ndi thonje mkati.

Wanu,
Bambo a Mafunso

16 Febuluwale

Amake Mafunso,

Muli bwanji kumeneko? Kuno kwatentha, koma moyo ulipo.

Mwafunsa chifukwa chake laputopu sinabwere ndi basi ya sabata yatha pamene mwana wayamba kale sukulu. Mumuuze kuti bambo ako akumaliza tina n'tina. Azibwereka kaye za anzake.

Inu ndikuuzani pang'ono. Kapitawo ameneyu malamulo ake onse amakhala m'fayilo imodzi ya mawu okhaokha. Mzere uliwonse ndi lamulo: ukadina batani lakuti ndi lakuti, tsegula polembera, mtundu wa m'mphepete ukhale wakuti. Ukafuna kusintha kanthu, umalemba wekha. Tsiku loyamba ndinatsegula windo n'kulephera kulitseka. Ndinafunafuna kamtanda kaja kamakhala pakona, kulibe. Ndinatsegula lina, lina, mpaka sikirini inagawika timizere ngati nsalu yong'ambidwa. Ndinachita kuzimitsa ndi batani lamoto.

Lamulungu masana ndinafufuza pafoni, ndinapeza munthu wina akuonetsa yake, yokongola zedi, ili ndi wotchi, nyengo, chilichonse. Anaika ndi fayilo yake kuti ofuna atenge. Ndinafufuta yanga yonse n'kukopera yakeyo, osasungako yakale pena. Nditayatsanso, mdima wokhawokha ndi kamuvi ka mausi pakati. Mabatani onse osayankha. Mnzanga wogona naye chipinda anasuzumira n'kufunsa ngati filimuyo yayamba.

Mukanakhala pano mukanati bwererani kwa mayi aja. Ndikudziwa. Koma ndikanena chiyani, ine amene ndinati ndinazigwirako kwathu? Masiku ano nsanjika yachitatu ndikumaikolopa m'mamawa iwo asanafike. Lachinayi tinakumana mu lifiti, anati, "Kapitawo akumvera?" Ndinati akumvera bwinobwino. Lifiti imeneyo sinachedwepo kufika pansi ngati tsiku limenelo.

Musadandaule, ndiikonza. Mpanda wa kudimba ngati wagwa mbali ya kumsewu, muyambe ndi kumeneko.

Ndine,
Bambo a Mafunso

2 Malichi

Okondedwa amake Mafunso,

Ndili bwino, ndipo lero ndikulemba mtima uli m'malo. Nanu mukhale bwino.

Laputopu ili m'katoni imene akupatsireni adalaivala pamodzi ndi kalata ino. Ndaikulunga m'juzi langa lakale, juzilo mupatse amalume ake.

Yatheka. Ndinawerenga kuti pali mabatani atatu amene ukawadina pamodzi amakutengera kusikirini yakuda ya zilembo zokhazokha. Kumeneko ndinafufuta fayilo ya mwini wake ija, makina anandipangira yatsopano ngati ya poyamba. Ulendo uno ndinapita pang'onopang'ono. M'mphepete mwa mawindo ndaikamo mtundu wobiriwira umene amaukonda. Pansi pali wotchi ndi poonera batire. Batani la pakona ukalidina pamodzi ndi L, polembera pamatseguka. Mzere umenewo ndinalemba ndekha, amake mwana, ndipo utagwira ntchito ndinaimirira n'kuzungulira chipinda.

Panalinso kafunso kotopetsa. Ukadina mabatani otulukira, amene amatseka zonse n'kukubwezera polowera, pamwamba pamabwera kamzere kachikasu kofunsa ngati ukufunadi kutuluka. Poti ndimatuluka n'kulowanso pafupipafupi poyesa zinthu, kanandikwana, ndinakachotsa. Tsopano ukangodina, yatuluka. Yachangu kwabasi.

Mabatani onse ndinawalemba papepala, akwana khumi ndi asanu ndi atatu. Ndinaliika m'katoni, kenako ndinalichotsamo. Mumuuze kuti akasowa pogwira aziimba, ndizimuuza pafoni. Musandifunse chifukwa chake. Chichokereni kumeneko mwanayu sanandifunsepo kanthu koti ndimuphunzitse, amangofunsa kuti mubwera liti.

Chaja chake chimafuna kuchigwedeza pang'ono kuti chigwire. Asachikoke ndi chingwe.

Wanu nthawi zonse,
Bambo a Mafunso

25 Malichi

Amake Mafunso,

Ndili moyo, sindikudwala. Pepani kuti munada nkhawa masiku atatu aja foni yanga inali yozima. Sinawonongeke, ndinaizimitsa ndine. Uthenga wanu wautali ndaumva, ndipo palibe mawu amene mwalakwitsa.

Mwamva mbali ya mwana, imvaninso yanga, ngakhale siikundiyeretsa.

Masabata awiri oyamba zinkayenda. Ankaimba madzulo, ine pepala lili pabondo, n'kumamuuza ngati zili m'mutu. Anati anzake akudabwa nayo, sanaonepo yotero, ndipo iye amawauza kuti anakonza ndi bambo anga.

Lachitatu lija foni inalira cha m'ma 11 koloko. Ndinali m'zimbudzi za nsanjika yachiwiri, mpope wina unatayitsa madzi pansi ponse. Ndinavula golovesi limodzi n'kuyankha. Anali Mafunso. Anati iye ndi anzake anayi alemba ntchito ya gulu kuyambira m'mawa, masamba asanu ndi limodzi, yofunika kupereka 2 koloko. Anafuna kutseka windo limodzi, m'malo mwa Q chala chinagwa pa E, batani lotulukira lija, zonse zinazimiririka, makina anabwerera polowera, polemba pasiwedi. Anali asanasunge.

Ndinadziwa pomwepo. Kafunso kachikasu kaja kakanamufunsa kaye.

Kenako anati, "Ababa, ndakuikani pa sipika, anzanga ali pompano ndi aphunzitsi. Tiuzeni tidine chiyani kuti zibwerere." Ndinamva mawu a bambo wachikulire akuti, "Muli bwanji bambo, tamva kuti inu ndi odziwa zimenezi." Pepala linali kunyumba. Ngakhale likanakhala m'thumba, yankho lake munalibemo. Kumbuyo kwanga munthu anatsegula madzi a m'chimbudzi, phokoso lake linadzaza chipinda chonse.

Ndinati, "Halo? Halo? Netiweki ikuvuta." Ndinkamumva bwinobwino akuti, "Ababa? Ababa?" Ndinadula. Anaimbanso kanayi foni ili m'dzanja langa, kenako ndinaizimitsa, ndinavala golovesi n'kupitiriza kukolopa.

Mwanena kuti analembanso zonse pamanja, anapereka mawa lake, ndipo onse asanu anawadula mamalikisi. Mwanenanso kuti mmodzi mwa anzakewo sakumulankhula. Zoti inu mwatopa kundisungira bodza, ndipo akadzakufunsani simudzamubisiranso, ndamva. Ndikungopempha masabata awiri.

Chakudya sichikulowa bwino, koma ndikudya.

Bambo a Mafunso

6 Epulo

Amake Mafunso,

Moni. Ndikhulupirira mutu uja unasiya. Ine ndilipo.

Lolemba ndinakwera nsanjika yachitatu masana, nthawi imene ndimaizemba ija. Mayi a Zingwe anali kudya patebulo lawo, mbale pakati pa zingwe. Ndinaima pakhomo ngati mwana woitanidwa kwa ahedi.

"Amayi, ndinakunamizani. Kompyuta sindinaigwirepo chibadwire, kupatula kuipukuta."

Anameza kaye, n'kuti, "Ndinaona mmene munagwirira mausi tsiku lija. Khalani pansi."

Ndinawafotokozera zonse, za fayilo ya mwini wake, za kafunso, mpaka za foni. Pa za fayilo anaseka mpaka kutsamwa. Pa za foni sanaseke. Anati, "Mukanathamangira kuno foni ili kukhutu. Polembera paja pamasunga pokha pakapita mphindi zingapo. Akanapatsegulanso n'kuvomera funso limene pamafunsa, mwina masamba anayi akanabwerera. Ndinali pompano tsiku lonse."

Nsanjika imodzi yokha, amake mwana. Masitepe makumi awiri.

Sanandinyoze. Anatenga laputopu ina yakale n'kundiphunzitsa mpaka nthawi ya nkhomaliro inatha. Usanasinthe fayilo, sunga inzake pambali. Sintha mzere umodzi, yesa, kenako wina. Usakopere chimene sukuchimva. Anandilembera mzere wobwezera kafunso kaja, ndinaukopera kawiri kuti ndisaphonye kadontho. Anandiuzanso kuti tsiku lija anaikamo akapitawo onse awiri. Polowera, pambali pa polemba pasiwedi, pali kachizindikiro kakang'ono. Ukakadina umasankha wa mausi uja. Mwezi wathunthu ndinkakayang'ana kachizindikiro kameneko osakakhudza, kuopa kuwononga.

Potuluka anandifunsa kuti mwanayo akuphunzira chiyani. Nditawauza anati, "Ameneyo sangalephere mabatani khumi ndi asanu ndi atatu. Mutumizireni pepalalo."

Ndaliika muno, pamodzi ndi la mzere uja. Mumupatse akabwera Loweruka. Zinazo musanene, ndimuimbira ndekha Lamulungu. Ndikapanda kuimba pofika 4 koloko, mundiimbire inu mundikalipire.

Wanu,
Bambo a Mafunso

27 Epulo

Okondedwa amake Mafunso,

Ndili bwino. Amayi muwauze kuti mafuta opaka aja ndapereka kwa adalaivala, azipaka kawiri patsiku.

Mwakhala mukufunsa kuti tinakambirana zotani ndi mwana wathu, poti iye sakukuuzani. Pafoni ndinkalephera kufotokoza, ndiye ndalemba.

Ndinaimba Lamulungu lija monga ndinalonjezera. Ndinayamba ndi za kachizindikiro ka polowera, ndinazungulira, ndinafunsa za mvula. Iye ankangoti eya, ayi. Kenako ndinati, "Mwana wanga, ine kuno si wa makompyuta. Ndimasesa. Ndimakolopa nsanjika zinayi ndi zimbudzi zake. Tsiku lija netiweki inali bwinobwino."

Ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka. Kenako anati, "Chabwino, ndamva," n'kudula. Sabata ziwiri sanayankhe uthenga wanga ndi umodzi womwe. Ndinkadzuka, kugwira ntchito, kugona. Sindinakuuzeni chifukwa ndinkaona kuti ndi malipiro anga.

Lachisanu lapitali waimba yekha, nthawi yopuma. Sanapereke moni wautali. Anati, "Ababa, kafunso kaja ndakabwezera. Mzere wanu unali ndi chilembo chimodzi cholakwika, ndachikonza." Ndinamufunsa ngati wasamukira kwa kapitawo wa mausi. Anati anamuyesa tsiku limodzi, anaona kuti akumuchedwetsa, wabwerera kwa wa matailosi. Wawonjezera ndi mabatani ake anayi amene ine sindikuwadziwa. Mnzake uja ayambanso kulankhulana, koma gulu anasintha.

Kenako anati, "Zosesazo zinandipweteka tsiku limodzi lokha, chifukwa ndinauza anthu zina. Chimene chikundipwetekabe n'choti munadula. Ndinkakuitanani, inu mukundimva."

Ndinati pepa, mawu ake ndi omwewo basi. Sananene kuti zatha, ndipo sindinamukakamize.

Ndinkayesa adula, koma anati ndimuuze mmene tsiku langa limayendera, kuyambira podzuka. Ndinamuuza. Basi ya 5 koloko, kabati ya zidebe, nsanjika imene ili ndi kapeti yovuta, abwana amene amasiya makapu pansi pa tebulo. Sindinauzepo munthu zimenezi, ngakhale inu. Anamvetsera mpaka nthawi yanga yopuma inatsala pang'ono kutha.

Pomaliza anafunsa kuti, "Nanga msana sukupwetekani?"

Ndinati ayi, ndili bwinobwino. Pakamwa panangoyankha pokha monga panazolowerera. Iye anangodikira.

Ndiye ndinati, "Umapweteka, mwana wanga. Makamaka Lachisanu."

Anati, "Chabwino. Ndiimbanso Lamulungu."

Moni kwa onse pakhomopo.

Ndine wanu,
Bambo a Mafunso